Msilikali Amene Ankakana Kuwoloka Mlatho

Ana anga ndi adzukulu, mwakhala mukundifunsa chimene ndinasiyira ntchito ku Jenda ndikadali ndi mphamvu, ndipo aliyense wa inu ali ndi yankho lake limene anatola m'njira. Wina akuti maso anafooka, wina akuti ndinatukwana abwana. Ndaona kuti ndilembe ndekha, chifukwa nkhani ukaituma pakamwa pa munthu imakafika itavala malaya a eni. Za ubwana wanga ku Kasungu ndizilumpha. Aliyense anabadwa ndipo anakula, palibe chachilendo pamenepo.

Ku Boma, zaka za m'ma 1990 zikupita kumapeto

Bambo anu atamwalira ndinachoka ku Engutwini, kumene ndinakwatiwa, n'kubwera ku Mzimba Boma kudzafuna chochita. Inu akuluakulu mukukumbukira kuti munatsala kwa agogo anu. Mwambo wa kuno ndi umenewo: ng'ombe za malowolo zikapita, ana ndi a kuchimuna. Ndinabwera ndekha ndi chitenje chomangira katundu.

Pafupi ndi msika panali sitolo ya a Yusufu, Msilamu wamtali wogulitsa nsalu ndi mawailesi, ndipo kuseri kwa sitoloyo anali ndi chipinda choonetseramo kanema. Tsiku lina ndinapita kukagula mabatire, ndipo ndinawauza kuti ayambe awaika m'wailesi ndimve ngati ali ndi moto.

“Mayi, simundikhulupirira?” anandifunsa.

“Sindikukudziwani.”

“Mwakhala mukugula pano chiyambire dzinja!”

“N'chifukwa chake ndikuti muyese.”

Anaseka mpaka kugwira kauntala. Atatha anati anyamata onse amene anawaika pakhomo la kanema ankalowetsa anzawo mwaulere, ndiye ngati ndikufuna ntchito ndibwere mawa ndi nkhope yomweyo. Ndimo mmene ndinayambira. Ndinkasesa, kukonza mabenchi, ndi kukhala pakhomo.

Magemu anabwera pambuyo pake. A Yusufu anabwera nako kuchokera kuulendo kamakina kakang'ono kolumikiza ku TV, marimoti awiri a zingwe, ndi makaseti achikasu. Pa kaseti iliyonse analembapo kuti muli magemu mazanamazana, koma ukalowamo unkapeza kuti ndi omwewo ochepa, angowasintha mtundu wa malaya. Ndinati mumtima, ngakhale akutsidya kwa nyanja kuba amakudziwa. Zosowa zinali zambiri. Magetsi ankathima gemu ili pakati, ana n'kuyamba kulira kuti abwezeredwe nthawi yawo. Kaseti ikakana tinkaiuzira mpweya ngati tikukoleza moto. Zingwe zikaduka tinkamanga ndi mphira wa njinga, chifukwa rimoti yatsopano inkadikira ulendo wina wa abwana.

Kusewera ndinakuyamba chifukwa cha kukayika. Mwana aliyense akagonja ankati rimoti yafa. Ndiye m'mawa, ndisanatsekule, ndinkakhala pabenchi ndekha kuyesa batani lililonse, kuti wonama ndizimugwira. Poyesa marimotiwo ndinayamba kuona mmene zinthuzo anazimangira. Kamunthu ka pagalasi kankathamanga kulowera kumanja basi. Kumbuyo kunkatsekeka, sukanabwerera. Pamwamba panali nthawi yomwe inkatha, ndipo ukaima kuti uganize, nthawiyo inkakupha. Dzenje loyamba linali laling'ono, loti ngakhale ine ndilumphe, lachiwiri lokulirapo, lachitatu lili ndi chilombo kutsidya. Palibe amene ankakuuza mawu, koma pofika kutsogolo unali utaphunzitsidwa kale. Ukagwa unkadziwa chimene wagwera. Ndinakonda zimenezo. Ndinali ndisanaonepo chinthu chokupha chosakunamiza.

Nkhani munalibe, ana ankaiikamo okha. Wina ankati kamunthuko kakuthawa apongozi, wina ankati kakuthamangira basi ya ku Joni. Tsiku lililonse kanali ndi mlandu watsopano.

Ku Jenda, m'zaka zotsatira

A Yusufu atakalamba, malonda anawatenga mwana wawo Rashidi. Iye anaona kuti ku Jenda, pamsewu waukulu, ndi kumene kuli anthu, makamaka nyengo ya fodya, ndipo ananditumiza kumeneko kukayang'anira malo atsopano. Rashidi sanali munthu woipa. Ankanditchula kuti amayi, ndipo nditadwala malungo ananditengera yekha kuchipatala. Koma anali wothamanga mtima, ndipo benchi yopanda munthu inkamupweteka ngati dzino.

Makina a ku Jenda anali a zimbale. Anthu a pagalasi tsopano anali ndi nkhope, ankalankhula Chizungu, ndipo mvula ikamagwa m'gemu unkafuna kufunda. Ambiri ankadzera magemu a mpira ndi a nkhonya. Chaka chimene mafuta anasowa dziko lonse, jenereta yathu inakhala chete masabata, ndipo Rashidi ankagona pamzere ndi zigubu pamene ine ndinkathamangitsa anyamata ofuna kungokhala pamthunzi. Zimbale zambiri zinali zokopera, zinkaima pakati ngati bulu wotopa. Ndinkazipukuta ndi chitenje n'kuzibisa m'chitini chomwe kiyi wake ankagona m'chiuno mwanga.

M'chitinimo munali chimbale chimodzi chomwe anthu sankachifuna, chifukwa chinali cha nkhani yaitali ndi mawu ambiri. Nkhani yake inali ya msilikali amene nkhondo itatha anauyamba wapansi kubwerera kwawo, kudutsa mapiri ndi midzi yopsa. Pa mapu panali kanyenyezi kosonyeza mudzi wake. Gemu imeneyi sinkatha tsiku limodzi. Pamene wafika unkasunga pa kakhadi kolowetsa m'makina, mawa n'kudzapitiriza. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti nthawi ija yokuthamangitsa anaichotsa. Unkatha kupita kumanzere, kumanja, kubwerera kumene wachokera. M'njira monse munali anthu opempha: uyu mbuzi yake yasowa, uyu akufuna nkhuni, uyu akufuna umuphere nsomba. Ukawathandiza ankakuthokoza ndi kanyimbo kokoma, n'kukupatsa nsapato kapena mpeni. Ndinayesa m'mawa wina, ndipo ndinapezeka kuti dzuwa lakwera ndikusaka mbuzi ya munthu wosakhalako. Ndinachizimitsa. Chinthu chokuyamikira pafupipafupi chimakhala ndi chimene chikufuna kwa iwe.

Nyengo ya Wongani

Chimanga chili pafupi kuuma m'minda, panatsika munthu m'basi yochokera ku Joni atanyamula jumbo imodzi. Sanakwere ina yopitirira. Anapeza pogona kuseri kwa chigayo, n'kumagwira ganyu yonyamula matumba m'mawa, masana n'kumabwera kwa ife. Anati dzina lake ndi Joe, kwawo ndi ku Rumphi. Anapempha chimbale cha msilikali chija.

Chizungu ankachidziwa, ndipo ankamasulira mokweza m'Chitumbuka ndi m'Chichewa, kusintha mawu ngati wa sewero. Nkhalamba ya pagalasi ikalankhula, iye ankanjenjemeretsa mawu: “Mwana wane, ndapota, mbuzi yane yapita ndi mkamwini!” Anthu ankagwa ndi phwete. Posakhalitsa mabenchi anayamba kudzaza alimi odikira galimoto za fodya, oonerera munthu mmodzi akusewera ngati kanema. Rashidi anayamba kulipiritsa anthu pakhomo monga tinkachitira pa kanema, ndipo anamupatsa Joe nthawi yowonjezera.

Ine ndinkayang'ana zina. Msilikali uja anafika pa mlatho, mudzi wake uli kuseri kwa phiri. Pamenepo gemu inkaima n'kulemba chenjezo, ndipo Joe mwini anatimasulira tsiku loyamba: ukawoloka apa kubwerera kulibe, ngati uli ndi zina zoti umalize, malizira tsopano. Iye anatembenuza msilikaliyo n'kubwerera kukasaka mbuzi. Mawa lake chimodzimodzi. Anthu ankakuwa, “Woloka, iwe! Tione mkazi wake!” Iye ankati dikirani, munthu sangafike kwawo ndi nsapato zong'ambika. Atapeza nsapato anati chipewa. Atapeza chipewa anayamba kuwedza nsomba.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mpata wa mano ake ndi kayendedwe kotaya phazi lamanzere ndinali nditazionapo kwina. Tsiku lina anatchula dzina la kamtsinje kamene munthu wa ku Rumphi sangakadziwe, ndipo ndinatsimikiza: ameneyu anali Wongani, mwana wa malemu a Shaba a ku Engutwini, amene mayi ake, a Nyalongwe, ndinkakhala nawo benchi imodzi kutchalitchi ndili mtengwa. Ndinaimbira foni mlamu wanga wa kumeneko, n'kumufunsa za mvula, za matenda, za maliro, kenako ngati mongodutsa ndinafunsa za banja la a Shaba. Anandiuza kuti Wongani anasanduka mtchona, zaka zapita osatumiza mawu ngakhale sopo. Abale a mkazi wake, Nyagondwe, anali atanena kale kuti chimanga chikangolowa m'nkhokwe abweza ng'ombe n'kutenga mwana wawo. Ana awiri atsala kwa a Shaba.

M'mawa mwake ndinamupeza yekha asanabwere anthu.

“Wongani,” ndinatero.

Rimoti inamugwa m'manja. Anayang'ana kukhomo, kenako kwa ine. “Amama, mwandidziwa liti?”

“Kale. Ukudziwa kuti mkazi wako akumutenga akakolola?”

“Ndinamva. Ndikupita, amama, ndikupita ndithu. Ndingopezako bulangete la amama ndi njinga. Inu mukudziwa kwathu. Anzanga amabwera ndi galimoto, mudzi wonse kuthamangira kumsewu, ng'ombe kuphedwa. Ife apolisi a ku Joni anatigwira, anatisunga m'khola ngati mbuzi, n'kutikweza basi. Ndikalowe bwanji m'mudzi ndi jumbo? Ndikawauze chiyani adada aang'ono?”

“Za ganyu zija zikupita ku bulangete kapena zikubwera kuno?”

Anagwada pansi, munthu wamkulu wandevu. “Ndapota chomene, musauze munthu. Ndakukhulupirirani ngati amama anga.”

Mawu amenewo anandilemera kuposa mmene iye ankaganizira. Ine amene sindikhulupirira munthu, anthu ankandikhulupirira. M'chipinda chija munkabisala ambiri: wothawa mkazi, wothawa kumunda, mphunzitsi wothawa kalasi. Onse ankadziwa kuti ine Nyaphiri ndimaona zonse koma sinditulutsa kanthu. Ntchito yanga yeniyeni inali imeneyo, kuposa tsache ndi kiyi.

Ndinamufotokozera Rashidi. Anamvetsera bwino, n'kupukusa mutu.

“Amayi, pano si pabwalo la milandu. Munthu akalowa muno, za kwawo zatsala panja. Mwiniwake wati apita, msiyeni apite pa nthawi yake.”

“Nthawi yake ilibe malire. Chimanga ndiye chili ndi malire.”

“Lero muulula uyu, mawa ndani adzakhale pabenchi apa? Abambo anakulembani chifukwa cha pakamwa panu potseka. Mukatsekula, ine sindingakusungeni. Ndanena poyera kuti musadzati Rashidi anandizembera.”

Sindinganene kuti ankangoganiza za mabenchi. Panali choona m'mawu ake, ndipo n'chimene chinandisowetsa mtendere. Ndinaganiza zofafaniza kakhadi kaja kuti ulendo wa msilikali uwonongeke, mwina Wongani angakhumudwe n'kunyamuka. Koma ndinaona kuti ndikanangomupatsa mphatso: akanayambiranso pachiyambi, mbuzi zonse zitasowanso, mlatho uli kutali. Amene anamanga gemuyo anali ochenjera. Anadziwa kuti munthu amaopa mathero, ndiye anamuikira khonde lalikulu loti azizungulirapo akudzimva kuti ali paulendo. Magemu akale aja akanamukankha, nthawi ikanamuthera. Iyi inkamuuza tsiku lililonse kuti wachita bwino. Sindikuti anaimangira kuwononga anthu. Wokhala ndi kwawo kwabwino amasaka mbuziyo n'kukagona. Koma kwa munthu wamanyazi inali mphasa yofewa kwambiri.

Ndinamupatsa masiku. Ndinkamuona akufika pa mlatho n'kubwerera, anthu akuseka. Kenako ngolo za chimanga zinayamba kudutsa pamsewu. Ndinakumbukira mmawa umene ndinatuluka ku Engutwini, iwe Tiyanjane utagwira chitenje changa, agogo ako akukumasula zala chimodzichimodzi. Ndinatenga foni n'kumuuza mlamu wanga kuti akauze a Nyalongwe okha, osati amuna a pamudzi, kuti mwana wawo ali ku Jenda, ndipo abwere ndi mpongozi wawo.

Anafika tsiku la msika, dzuwa lili pamutu. A Nyalongwe anali atafupika ndi ukalamba, Nyagondwe ali pambuyo pawo, wowonda, maso pansi.

“Monire, Nyaphiri. Mwakalamba.”

“Yewo, amama. Nanunso simunatsale. Lowani, ali kutsogolo.”

M'chipindamo munali modzaza. Wongani anali atapereka msana kukhomo, msilikali wake ali m'mphepete mwa mtsinje ndi mbedza. Mayi aja anayenda pang'onopang'ono pakati pa mabenchi n'kukaima pambali pake. Sanamuyang'ane iye, anayang'ana pagalasi. Anthu anayamba kukhala chete mmodzimmodzi. Wongani anacheuka n'kuwaona.

“Ameneyo ndi ndani?” anafunsa a Nyalongwe, akuloza msilikali.

“Ndi... ndi munthu wa m'gemu, amama.”

“Akumuyendetsa ndani?”

“Ine.”

“Akupita kuti?”

“Kwawo.”

“N'kutali?”

Wina kumbuyo anayankha, “Pafupi, agogo, kuseri kwa phiri lomwelo!”

“Nanga akuwedzeranji nsomba?”

Palibe anaseka. Wongani anaika rimoti pansi bwinobwino ngati dzira, n'kutsika pabenchi kukhala pansi pa simenti. Anayamba kunena za bulangete, za njinga, za mmene anawagwirira. Mayi ake anamudula.

“Ine ndinabereka bulangete? Nyamuka. Mlamu wako akubwera Loweruka ndi ng'ombe. Ukamuuze wekha kuti abwerere nazo.”

Nyagondwe anangofunsa kumene mwamuna wake ankagona, n'kupita kuseri kwa chigayo kukatenga jumbo ija, ndipo anainyamula yekha pamutu ngati ndi sutikesi. Potuluka, Wongani anaima pakhomo pamene ndinakhala. Sanakweze mawu.

“Ndinakupemphani, amama.”

“Unandipempha.”

“Mbwenu, basi.”

Anapita kukakwera minibasi. Rashidi anadikira anthu atuluke, ndipo anachita monga ananenera. Sanandinyoze. Anandithokoza chifukwa cha zaka zonse, anatumiza mnyamata kukandinyamulira katundu, ndipo ndinamasula kiyi m'chiuno n'kumupatsa. Ndinamva pambuyo pake kuti kwa kanthawi amuna ena anasiyadi kubwera, akuti pamalopo pali makutu. Ndiye musamamunene Rashidi kuti anali wankhanza. Anandichenjeza, ndipo chimene ankaopa chinachitika.

Lero

Tsopano ndimakhala kuno ku Boma, ndikulima kadimba kanga. Adzukulu mukabwera ndimakuonani mutaweramira mafoni, ndipo mumadabwa ndikamakufunsani kuti gemu yanuyo imathera pati. Ambiri mumati siitha, tsiku lililonse imakupatsani mphatso mukangoitsekula. Ena mwandionetsa za nkhani zokoma ndithu, zokufunsa kuti usankhe kukhululuka kapena kubwezera, ndipo ndaona mmodzi wa inu akupukuta misozi chifukwa cha munthu wa pagalasi. Sindikuletsani. Amene amamanga zinthuzi ndi amisiri, ndipo ndinadya kwa zaka zambiri chifukwa cha umisiri wawo. Ndimangofuna muzidziwa pamene nkhani ikukutengani kupita kwina, ndi pamene ikungokusungani.

Ngati ndinachita bwino, sindikudziwa mpaka lero. Munthu anandigwadira, ine n'kumuulula pamaso pa anthu odzaza chipinda. Mwina akanapita yekha sabata yotsatira. Iye amatero, ndipo sindingamutsutse, ngakhale sindimukhulupirira.

Chaka chatha ndinapita ku Engutwini ku maliro a a Nyalongwe. Wongani alipo, akulima fodya, imvi zayamba. Anapereka moni kwa amayi onse amene tinakhala pamphasa, mmodzimmodzi, ndipo atafika pa ine anadutsa. Titabwera kumanda, Nyagondwe anabwera ndi mtsikana wamkulu atanyamula beseni la madzi, n'kumuuza kuti ayambire ine kusambitsa m'manja. Kenako anakhala pambali panga.

“Sakulankhulitsanibe?” anandifunsa motsitsa mawu.

“Ayi.”

“Musadandaule. Nanenso anatha chaka akundiyankha ndi mphuno. Si munthu wophweka, amama, ndipo sindinganame kuti ndi banja lokoma chomene.” Anayang'ana mwana wake amene anali atapitirira ndi beseni kwa amayi ena. “Koma uyo ndamulera ine mayi wake, sanatsale kwa agogo ake. Atatha msinkhu, anabwera kudzauza ine.”